Mendulo ya Samsoni

"Siyani jekete imeneyo, achimwene! Mwini wake ali moyo, si uyo wakhala apoyo?"

Ine ndinali nditagwira mkono umodzi wa jeketeyo, achimwene anga a Samsoni atagwira winawo, tikukokana pakhomo panga penipeni, anthu opita kudooko la Kachulu ataima mumsewu kuonerera zaulere. Jekete yake inali ya khaki, yausilikali, ndipo mwini wake anali Gerishomo, mlongo wanga wamng'ono, chitsirizira m'banja mwathu. Iyeyo anali atakhala pansi pa mtengo wa mango akuluka mono, osadzutsa n'komwe mutu, ngati phokosolo likuchitika mudzi wina.

"Fanny, usandichititse manyazi pamaso pa anthu," anatero a Samsoni. "Kalata yatchula ndani? Amalume, tamuwerengereninso, mwina dzana sanamve."

Amalume athu a Meshack, mkulu wa mpingo, anavala magalasi awo a mwendo umodzi n'kutambasula kalata ija kachinayi. Inanena kuti Kopolo Samsoni Namakhwa akafike kukampu ya asilikali ku Zomba Loweruka lachitatu kuchokera sabata imeneyo, akalandire mendulo pa perete, chifukwa cha kulimba mtima komwe anaonetsa kunkhondo ya m'nkhalango za ku Maleya.

"Wamva?" anatero a Samsoni. "Samsoni Namakhwa. Pamudzi pano Samsoni ndi ndani?"

"Ku Maleyako munapitako ndinu? Inu amene kutali kwanu ndi ku Songani, dengu la matemba lili panjinga?"

"Dzina langa linapitako!"

Nkhani yake ndi yopotoka, ndipo ine ndemwe ndinathandiza kuipotoza. Mu 1942, nkhondo yaikulu itavuta, anyakwawa analemba mwamuna mmodzi pabanja lililonse woti akalowe usilikali wa Keyala, ndipo kwathu analemba a Samsoni. Iwo anali atangokwatira, mkazi ali ndi pakati. Atamva, anakwera bwato n'kukabisala kuchilumba cha Chisi. Lole ya asilikali itatsala masiku anayi kuti ifike, amayi ndi amalume anayang'ana Gerishomo, yemwe anali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi koma wamtali kuposa chitseko, n'kumuuza kuti kuyambira lero ndiwe Samsoni. Anapita ku Bama, anapita ku Maleya, n'kubwera mu 1954 ali ndi mizere iwiri pamkono, amayi atamwalira kalekale, manja ake akunjenjemera.

"Inu mumayesa kuti amene wavutika ndi yekhayu," anapitiriza a Samsoni, thukuta lili kamukamu. "Zaka khumi ndi ziwiri ine ndakhala ndikuyankha Gerishomo kwa mesenjala aliyense wobwera pamudzi pano. Chiphaso changa chalembedwa Gerishomo. Mwana wanga woyamba kusukulu ya mishoni analembedwa kuti ndi mwana wa Gerishomo. Ine munthu wamkulu, kubwereka dzina la mwana amene ndinkamubereka kumsana! Lero dzina langa labwera ndi kanthu, mukuti ndisaligwire?"

"Labwera ndi kanthu chifukwa wina analisenza. Inu munalitaya m'bwato."

"Fanny, pakamwa," anatero amalume. Anapinda kalata n'kutsitsa mawu, maso ali kumsewu. "Ine sindikunena za ulemu ayi, ndikunena za ndende. Unalipo dzana mesenjala atafika. Anafunsa kuti Samsoni ndi uti, mlongo wakoyu anayankha kuti chiyani?"

Ndinalipodi. Gerishomo anaimirira n'kunena kuti, "Ndine, koma si ine," kenako n'kuyamba kufotokoza za lole, za ku Chisi, za amayi. Akanamaliza. A Samsoni ndiwo analumphira kutsogolo n'kunena kuti Samsoni ndine, uyu ndi mng'ono wanga, mutu wake suyenda bwino. Mesenjala anawapatsa kalata m'manja.

"Tsono taganiza," anatero amalume. "Munthu woti chitseko chikamenyeka amadzigwetsa pansi. Munthu woti ukamufunsa dzina amayamba wayang'ana kumwamba. Timuimike pamaso pa azungu, mfuti zikulira, malipenga akulira? Akangotsegula pakamwa tapita tonse, ine amene ndinamupereka, uyu amene anathawa, ndi iyeyo amene ananama. Mzungu sadziwa nkhope, mwana wanga, amadziwa pepala. Apite wa mutu wabwino, akatenge chinthucho, abwere nacho pakhomo. Si banja limodzi kodi?"

"Ndiye akabwera nacho chikakhala pachifuwa pa ndani?"

Amene anayankhula anali Gerishomo, maso ali pa mono wake.

"Apatseni, achemwali. Iwathina pamimba, koma mabatani mukhoza kusuntha."

Ndinasiya mkono uja. Ndipo ndinene zoona, mabataniwo ndinasuntha ndine, tsiku lomwelo, ndikutukwana chamumtima ulusi, singano ndi mimba ya achimwene. Mpaka pano sindidziwa ngati ndinatero chifukwa choopa ndende kapena chifukwa mawu a amalume anandimvekera anzeru. Zinthu zonse zinali zitasokonekera m'mutu mwanga.

Kuvala jekete sikupanga munthu kukhala msilikali, izi ngakhale amalume anaziona. Anagamula kuti masabata atsalawo Gerishomo aphunzitse mkulu wake kuguba, kuchita saluti, nambala yake ya usilikali, ndiponso nkhani yonse ya zomwe zinachitika, kuti mwina wina angafunse. Motero m'mawa uliwonse, kuseri kwa nyumba yanga, pakati pa mathandala oyanikapo matemba, pankachitika perete ya anthu awiri.

"Chifuwa kunja! Mimba mkati!"

"Ilowa kuti, iwe? Ndi mmene inabadwira."

"Osayankha pamzere! Lefuti, raiti, lefuti!"

A Samsoni ankaponya mwendo wamanzere pamodzi ndi mkono wamanzere, n'kumayenda chopendama ngati bakha. Akati atembenuke, ankagunda thandala, matemba n'kumwazika, nkhuku n'kuchita phwando. Ndinkaseka mpaka misozi, kenako n'kudzida chifukwa choseka. Koma chimene chinkandidabwitsa chinali Gerishomo. Akangoti "Atensheni!" manja aja ankasiya kunjenjemera, msana unkawongoka, mawu ankatuluka a munthu wina amene ine sindinamuonepo. Perete ikatha ankabwerera pa mono wake, n'kukhalanso munthu wathu yemwe uja wosochera.

Nkhani ya ku Maleya anaifotokoza masana ena pakhonde, ine ndikupeta mpunga pafupi. Chibwerere anali asanaitchulepo.

"Tinali khumi ndi awiri, tikudutsa m'dambo, madzi a m'chiuno," anatero. "Adani anatidikirira kutsidya, m'mitengo. Zitayamba kulira, amene anatha kuthawa anathawira kumtunda. Ovulala anatsala pakati, matope akuwameza pang'onopang'ono. Sajeni anatuma anthu awiri kuti akawatenge, anangoyenda mapazi asanu n'kutitimira mpaka m'khwapa, tinachita kuwakoka ndi malamba a mfuti. Anali anyamata a kumapiri, sadziwa matope."

"Ndiye iwe unatani?" anafunsa a Samsoni.

"Inu munatani. Muzizolowera."

"Chabwino, ine ndinatani?"

"Munakumbuka kuno. Madzi akaphwa ku Chilwa, tikafuna milamba yotsalira m'zithaphwi, matope sitiwaponda choimirira. Umagona chafufumimba, n'kumakwawa, ukukoka mtolo wa udzu wa njedza woikapo nsomba. Munavula nsapato, munadula mabango, munamanga mtolo, munakwawa. Woyamba anali bwana wathu wachizungu, chipolopolo chili m'ntchafu. Munamugoneka pamtolo n'kumukoka. Wachiwiri anali Rajabu wa ku Mangochi. Pobwerera kachitatu mtolo unali utamasuka, ndiye Amidu wa ku Songani munachita kumubereka kumsana. Mwendo wake unali utaphwanyika. Munamuuza kuti akalira atimva, ndiye aluma apa."

Anatsegula malaya paphewa lamanja. Panali chipsera chozungulira, mano a munthu akuonekera lililonse pamalo pake. Ndinasiya kupeta.

"Zipolopolo zinali zikubwerabe?" anafunsa a Samsoni, mawu atachepa.

"Zinkadula mabango pamwamba pa mutu wanu."

"Nanga akati ndionetse chipseracho?"

"Palibe akakuvule malaya pa perete," anatero amalume msangamsanga.

Tsiku limenelo a Samsoni anapita kwawo ali ndwii, ndipo ndinaganiza kuti mwina manyazi awagwira. Ndinadzinamiza. Pofika Lachisanu nkhani ija inali itafika kudooko itanenepa. Anthu atatu anasanduka khumi, m'dambo muja munalowa ng'ona, ndipo mzungu uja ankalira akuitana amake. Ogula nsomba ochokera ku Zomba, omwe sankadziwa za kwathu, ankawagwira chanza ndi manja awiri. A pamudzi, omwe ankadziwa zonse, ankangoseka n'kumati zam'banja sitilowerera. Ena anayamba kuwatchula kuti a Kopolo, poyamba mwachipongwe, kenako mongozolowera. Ngakhale ine tsiku lina ndinadzimva ndikuuza mwana wanga kuti akapereke madzi kwa a Kopolo, ndipo mwanayo anafunsa kuti ati.

Sabata yomaliza ndinapita ndi Gerishomo kudimba kukamweta mpunga. Kunali kozizira, mwezi wa Juni, mphepo ikuchokera kunyanja. Tinagwira ntchito mpaka dzuwa kufika pamutu, kenako ndinalephera kupirira.

"Iwe, ukungowasiya? Magazi anali ako, msana unali wako. Ukanena kuti ayi, ine ndiima nawe, ndende ibwere."

Anadula ngala zingapo n'kuziika m'dengu.

"Anali anayi, achemwali."

"Ndani?"

"Otsala m'matope. Achimwene ndawauza atatu, chifukwa pepala likunena atatu. Wachinayi anali Saulos wa kwa Kuntumanji, uja tinkaimba naye kwaya kumishoni. Mukumukumbuka? Wa mpata m'mano."

Ndinamukumbuka. Uthenga wa imfa yake unafika chaka chathacho, koma panalibe anatiuza kuti anafa bwanji.

"M'gulu lonse ndi yekhayo ankadziwa kuti ndine ndani. Koma zaka zonsezo sananditchulepo dzina langa, ngakhale tili awiri, kuopa kundipachika. Tsiku lija, ndikukwawa ndi Amidu kumsana, ndinamva mawu chakumanzere, m'mabango. Gerishomo! Gerishomo! Ndinamva bwinobwino, achemwali, ngati mmene ndikukumverani inumu. Ndipo mumtima ndinati, kodi Gerishomo ameneyu ndi wa gulu liti, bwanji sakumuyankha mnzake? Ndinapitirira. Nditamutula Amidu kumtunda m'pamene zinandifika kuti akuitana ine. Ndinabwerera. Ndinapeza chipewa chokha pamwamba pa matope."

Ndinakhala pansi m'madzi momwemo.

Masiku anayi aja, lole isanafike, amayi anandipatsa ine ntchito yomuzoloweretsa dzina latsopano. Ndinkabisala kuseri kwa nkhokwe n'kuitana kuti Gerishomo, akacheuka ndinkamupotokola khutu mpaka kufiira. Ndikaitana kuti Samsoni n'kucheuka, ndinkamupatsa chinangwa chootcha. Tinkaseka, tinkayesa masewera. Pofika tsiku lachinayi ndinamuitana dzina lake katatu, ali pafupi ngati apa, osacheuka, ndipo ndinathamanga kukauza amayi monyadira kuti mwana wathu waphunzira.

"Ndine ndinakuphunzitsa," ndinatero.

"Munaphunzitsa bwino. Bwenzi atandigwira sabata yoyamba." Sananene mokwiya, ndipo zimenezo ndi zomwe zinandipweteka kwambiri. "Tsono mendulo imeneyi ndikailandira ndikhala ndani? Samsoni anapulumutsa atatu. Gerishomo anaitanidwa, sanayankhe. Ndikagona ndimasowa kuti amene wagona ndi uti."

Ndinangomuuza kuti ku Zomba tipita tonse, afune asafune, akaone ndi maso ake. Chimene ndinkayembekeza kuti chikachitike kumeneko sindinkachidziwa.

Tinanyamuka Lachisanu m'mawa wapansi, tinagona kwa wachibale kufupi ndi tauni, Loweruka n'kulawirira kukampu. Amalume anadwala mwendo mwadzidzidzi, anatsala kumudzi. A Samsoni anavala jekete ija, kabudula wa khaki wowongoledwa bwino, ndi nsapato za Gerishomo zomwe anaikamo nsanza kuzala chifukwa zinali zazikulu. Gerishomo anavala malaya ake a kutchalitchi, wopanda nsapato, akukankha njinga ya mkulu wake.

Pageti panali kalaliki ndi buku. Mumtima ndinati apa ndiye pathera bodza. Kalalikiyo anafunsa dzina, a Samsoni anatchula. Anafunsa nambala, anaitchula mosaphonya. Anayang'ana kabuku kotulukira usilikali, n'kuloza kumene kunali mipando. Nkhope sanaiyang'ane n'komwe. Tinamva kuti gulu la Gerishomo linali litatumizidwa kudziko lina, ndipo bwana uja anakokedwa pamtolo anabwerera kwawo kalekale. Amalume, ndi mantha awo onse, anali atanena zoona, ndipo zinandinyansa.

Ife anthu wamba anatiimika kuseri kwa chingwe, wapolisi ali chapafupi ndi ndodo yake. Bandi inayamba, ng'oma yaikulu ikugunda mpaka m'mimba. Kenako asilikali anakweza mfuti m'mwamba n'kuombera onse pamodzi. Amayi ena anakuwa, ana analira, ine ndinatembenuka msanga kuti ndimugwire Gerishomo asanadzigwetse. Anali ataima chilili, chibwano m'mwamba, manja ali phee m'mbali mwa ntchafu. Sanaphethire n'komwe. Munthu amene tinamulanda jekete poti sangapirire mfuti anali yekhayo kuseri kwa chingwe amene sanadzidzimuke.

Mzungu wamkulu wa nyota zambiri paphewa anaima kutsogolo, womasulira ali pambali pake. Anawerenga nkhani yonse, ya dambo, ya mtolo wa mabango, ya maulendo atatu pansi pa zipolopolo. Kenako sajeni anafuula.

"Kopolo Samsoni Namakhwa!"

Zidendene za Gerishomo zinagundana. Chifuwa chinakwera, pakamwa panatseguka, phazi lamanzere linanyamuka kulunjika kuchingwe. Wapolisi uja anacheuka. Ndipo ine, Fanny, amene masabata atatu ndinakhala ndikulalata kuti mendulo ndi ya mlongo wanga, amene ndinalumbira kudimba kuti ndende ibwere, dzanja langa linanyamuka lokha n'kumugwira khutu. Ndinalipotokola. Anatseka pakamwa, phazi linabwerera pansi.

A Samsoni anaguba. Sanalakwitse, mwendo ndi mkono zinayenda mosiyana monga anaphunzitsidwira, saluti inakwera bwino. Mzungu anawabaya mendulo pachifuwa, anawagwira chanza, anthu anaomba m'manja, azimayi analuluta. Gerishomo anayang'ana mpaka mkulu wake atabwerera pampando, n'kunena chapansipansi kuti, "Wachedwa kutsitsa dzanja."

Perete itatha chingwe chinamasulidwa, anthu anakhamukira kwa olandira mendulo. Ife tinayandikira ndi njinga. Ndipo ndinaona bambo wina wa kofia yoyera, wa mwendo umodzi, akudumpha ndi ndodo ziwiri, akukankha anthu, misozi ili mbwembwembwe.

"Ndipatseni njira! Ndine Amidu, ndine wachitatu uja anawerengayo! Ndachoka ku Songani dzulo kuti ndidzamuone. Ali kuti Kopolo wanga?"

Anthu anamulozera. Anafika kumbuyo kwa a Samsoni, anaponya ndodo imodzi pansi n'kuwakumbatira. A Samsoni anatembenuka. Amidu anawayang'ana kumaso, anayang'ana mendulo, anayang'ananso kumaso.

"Pepani bambo, ndimafuna a Kopolo Samsoni."

"Ndi... ndine."

"Inu?" Anabwerera m'mbuyo, kutsala pang'ono kugwa. "Ayi. Jekete ndi yomweyi, ndikuidziwa, chigamba cha pachigongono ichi ndinasoka ndine. Koma inu ndinu ndani? Kapena mutu wanga? Kuchipatala anandiuza kuti mankhwala aja amasokoneza." Anayang'ana uku ndi uku ngati munthu wotayika pamsika, ndipo maso ake anagwera pa munthu wopanda nsapato wogwira njinga. "Samsoni!"

Anacheuka onse awiri.

Anthu anali atayamba kuunjikana. Wapolisi uja anabwera, ndodo ili m'khwapa, n'kufunsa kuti chavuta n'chiyani. Ine ndinkapemphera, koma mukandifunsa kuti ndinkapempha chiyani, kuti ziululike kapena zibisike, sindingakuuzeni.

"Uyu ndiye anandibereka," anatero Amidu, akuloza ndi chala. "Uyu! Samsoni, tawauza. Wavula bwanji jekete? Chikuchitika n'chiyani kuno?"

"Iwe, dzina lako ndani?" wapolisi anafunsa Gerishomo.

Chibwerere, funso limenelo linkamutengera nthawi, ankayamba wayang'ana kumwamba. Tsiku limenelo anayang'ana mkulu wake, anayang'ana ine, n'kuyankha mosadodoma.

"Ndine Gerishomo Namakhwa, bwana. Awa ndi achimwene anga, a Kopolo. Timafanana, anthu amatisokoneza."

Safanana ngakhale pang'ono, wina ndi wamtali wowonda, wina ndi wamfupi wamimba. Amidu anadumpha kawiri n'kufika pafupi. Anaika dzanja paphewa lamanja la Gerishomo, ngati akufuna potsamira, ndipo ndinaona zala zake zikufufuza pamwamba pa malaya mpaka zitapeza pamene zinkafuna. Zinakhala pamenepo. Anayang'anana nthawi yaitali.

"Ndamva," anatero Amidu potsiriza. "Ndasokoneza, bwana wapolisi. Ndi mankhwala aja." Wina anamutolera ndodo yake. Asanachoke anaweramira kukhutu kwa Gerishomo, koma ine ndinamva. "Kaya ndiwe ndani, m'bale wanga, ana anga amadya chifukwa cha msana uwu."

Kwa a Samsoni sanayang'anekonso.

Tinabwerera masana omwewo. A Samsoni sanakwere njinga, ankayenda kumbuyo kwathu akutsimphina, nsapato zija zitawatupitsa matuza. Titafika pamtsinje wa Likangala tinakhala pamthunzi kuti timwe madzi. Iwo anavula nsapato, kenako anamasula mendulo ija n'kuitambasulira kwa mng'ono wawo.

"Tenga. Ikundiwotcha."

Gerishomo anailandira, anaitembenuza, n'kuwerenga zilembo zazing'ono zozokotedwa m'mphepete mwake. Anaibweza.

"Yalembedwa dzina lanu, achimwene. Ndipo ndanena kale pamaso pa boma kuti ndine Gerishomo. Ndisinthenso?"

"Nanga ine nditani nayo? Munthu uja anandiyang'ana ngati ndaba mbuzi."

"Muzivala pa Khirisimasi."

Anatunga madzi ndi manja n'kusamba kumaso. Kenako anakhala akuyang'ana mtsinje, nkhope itakwinyika ngati mwana amene wapatsidwa samu yovuta.

"Achemwali, tandithandizani. Ngati Samsoni ndi awa, ndiye kuti ku Bama anapita ndi awa. Ku Maleya ndi awa. Anthu atatu aja anakoka ndi awa, boma lavomereza, anthu aombera m'manja."

"Gerishomo, usatero."

"Ayi, ndikufuna ndimvetse. Nanga Gerishomoyo, zaka khumi ndi ziwiri zonsezi, anali kuti? Ankachita chiyani?"

Ndinayang'ana pansi. A Samsoni ndiwo anayankha, ndipo ndikhulupirira kuti sankafuna kumupweteka, ankangonena zomwe zili pachiphaso.

"Anali ku Kachulu. Ankagulitsa matemba."

Nkhope ya Gerishomo inayamba kumasuka pang'onopang'ono.

"Ku Kachulu," anatero. "Ndiye kuti tsiku lija Saulos akuitana, ine ndinali ku Kachulu." Anatiyang'ana, maso akuwala. "N'chifukwa chake sindinayankhe, achemwali. Kuchokera ku Maleya mpaka ku Kachulu, munthu angamve bwanji?"

Anaseka. Chibwerere ndinali ndisanamumvepo akuseka, ndipo kunali kuseka kwake kwenikweni, kwa ali mwana, kokoka mpweya. A Samsoni anabisa nkhope m'chipewa cha usilikali n'kuyamba kulira ngati pamaliro. Ine ndinakhala pakati pawo, wina akuseka, wina akulira, osadziwa kuti ndithandize uti.

Gerishomo anaimirira, anasasa fumbi kumatako, anagwira njinga n'kuyamba kuikankha kulowera kunyanja, akuyenda mopepuka, manja osanjenjemera. Anafika patali ndithu. Mantha anandigwira, sindidziwa a chiyani, ndipo ndinaimirira n'kufuula.

"Gerishomo!"

Anacheuka nthawi yomweyo.

"Wawa, achemwali?"

Ndinkangofuna kuona ngati angacheuke.